Masamba a Malamulo a Phunziro la Kulemba m'Makoleji a ku America: Ntchito Yosoŵa Mwini

1. Chiyambi

Akatswiri a ziyankhulo akamakamba za ndondomeko ya chiyankhulo, kaŵirikaŵiri maso awo amakhala pa maboma, pa nyumba za malamulo ndi pa mabungwe aakulu. Einar Haugen, amene anatchukitsa dzina la ntchitoyi mu 1959, ankalemba za dziko lonse la Norway. Heinz Kloss mu 1969 anasiyanitsa kukonza udindo wa chiyankhulo m'dziko ndi kukonza mawu ndi kalembedwe ka chiyankhulocho, ndipo Robert Cooper mu 1989 anawonjezera mbali yachitatu, ndiyo kukonza za amene adzaphunzira chiyankhulo ndi njira yochiphunzirira. M'pepala lino ife titsika pansi ndithu, kufikira pa chikalata chimene palibe nduna imachisainira ndiponso palibe nyumba ya malamulo imachikambirana. Tikunena masamba a malamulo ndi thandizo amene mphunzitsi wa phunziro la kulemba amagaŵira ophunzira a chaka choyamba m'makoleji a ku United States pa tsiku loyamba la teremu.

Phunziro limeneli n'lokakamiza m'makoleji ambiri a dzikolo, kotero kuti wofuna udokotala, uinjiniya kapena zamalonda sangalizembe. Masamba ake a malamulo amafanana kwambiri kuchokera ku koleji ina kufika ku ina. Amanena kuti wojomba kangapo adzatsitsidwa malikisi. Kuti chimangirizo chobwera mochedwa chidzadulidwa malikisi. Kuti ntchito yonse ilembedwe m'Chingerezi chovomerezeka. Kuti wokopera zolemba za ena adzalephera, mwinanso kuchotsedwa sukulu. Kumapeto, pansi pa mutu wa thandizo, pamabwera maina a zitseko zimene wovutika angagogode: chipinda chothandizira olemba, chimene eni ake amachitcha writing center, ofesi ya ophunzira amene ali ndi ulumali, laibulale ndi ofesi ya alangizi.

Za kujomba ndi kuchedwa tizisiya, pakuti zimenezo ndi za kayendetsedwe ka sukulu iliyonse. Mlandu wathu uli pa ndime zitatu: ya Chingerezi chovomerezeka, ya chipinda chothandizira olemba, ndi ya kuba zolemba za ena. Iliyonse payokha ili ndi zifukwa zomveka. Koma zikaŵerengedwa pamodzi zimasiya ntchito imodzi yopanda mwini, ndiyo kuphunzitsa chiyankhulo chimene malamulowo akufuna, ndipo wolipira amakhala wophunzira amene sanayamwe chiyankhulocho.

2. Phunziro limene linabadwa ngati mankhwala

Mu 1874 Harvard inayamba kulembetsa chimangirizo cha Chingerezi kwa ofuna kuloŵa, ndipo oposa theka analephera, ngakhale kuti anali anyamata ochokera ku sukulu zotchuka za dzikolo. Adams Sherman Hill, amene kale anali mtolankhani, ndiye ankayang'anira ntchitoyi, ndipo pofika 1885 phunziro lotchedwa English A linali lokakamiza kwa a chaka choyamba. M'zaka za m'ma 1890 komiti ya Harvard yomweyo inatulutsa malipoti oloza chala sukulu za sekondale. Chiyembekezo chinali chakuti sekondale zikadzawongokera phunziroli silidzafunikanso. Papita zaka zoposa 130 ndipo likadalipo. Mike Rose mu 1985 anasonyeza kuti mbadwo uliwonse wa akuluakulu a makoleji umakhulupirira kuti vuto la kulemba n'la kanthaŵi, lakutha m'zaka zisanu kapena khumi, ndipo chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi sumanga chinthu chokhalitsa. Maina amene malo othandizira olemba anapatsidwa poyamba akuchitira umboni. Amene Carrie Stanley anatsegula ku University of Iowa mu 1934 ankatchedwa labotale, ndipo kwina ankawatcha kiliniki. Ku kiliniki kumapita wodwala, ndipo wodwala akachira sabwereranso. Masamba a malamulo a lero anatengera ganizo lomweli: chiyankhulo ndi chinthu chimene wophunzira anayenera kubwera nacho, ndipo ngati alibe, ndiye kuti pali chimene chinalakwika kwina, asanafike.

3. Ndime ya Chingerezi chovomerezeka

Ndime imeneyi imakhala yaifupi, mzere umodzi kapena iŵiri, ndipo sifotokoza kuti chovomerezekacho n'chiti kapena anachivomereza ndani. Dziko la United States lilibe bungwe loyang'anira chiyankhulo monga Académie française ya ku France, kapena monga Bungwe la Chicheŵa limene ife tinali nalo kuyambira 1972 kufikira pamene ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies mu 1996. Muyeso wake uli m'mabuku a malangizo a olemba, m'madikishonale ndi m'khutu la mphunzitsi.

Tsono m'kalasi imodzi mumakhala ophunzira a mitundu itatu. Alipo amene Chingerezi cha kwawo chili pafupi kwambiri ndi cha m'mabuku. Alipo amene Chingerezi ndicho chiyankhulo chawo chobadwa nacho, koma cha nthambi ina, monga cha anthu ambiri akuda a ku America. Ndipo alipo amene anachiphunzira atakula kale m'chiyankhulo china: ana a anthu obwera m'dzikomo, ndi ophunzira ochokera kunja, amene chiŵerengero chawo chinapitirira 1 miliyoni m'chaka cha maphunziro cha 2015 mpaka 2016. Taonani ziganizo izi:

(1) She working.
(2) She be working.
(3) The education is important in the life.

Kwa mphunzitsi wogwira cholembera chofiira, zonse zitatu n'zolakwa za mtundu umodzi. Kwa katswiri wa ziyankhulo sizili choncho. Ziganizo (1) ndi (2) n'zolondola m'Chingerezi cha anthu akuda, ndipo zimasiyana tanthauzo, monga anasonyezera William Labov, Ralph Fasold ndi anzawo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Woyankhula Chicheŵa savutika kumva kusiyanako, pakuti ndiko kusiyana kwa -ku- ndi -ma- m'mneni wathu: (1) ndi 'akugwira ntchito', tsopano lino, pamene (2) ndi 'amagwira ntchito', mwa chizoloŵezi. Mphunzitsi akafufuta 'be' mu (2) n'kulembapo 'is', amakhala atasandutsa -ma- kukhala -ku-, ndipo wophunzira amauzidwa kuti wakonzeredwa galamala pamene wasinthidwira zimene ankanena. Chiganizo (3) n'chosiyananso. Mwini wake akumanga lamulo la chiyankhulo chachiŵiri ndipo sanalimalize. Waphunzira kuti dzina la Chingerezi limafuna kamawu patsogolo pake, koma sanadziŵe kuti dzina la chinthu chosaŵerengeka, likamanena za chinthucho mwachisawawa, limaima lokha. Oyankhula Chitchaina, Chirasha, Chikoreya ndi Chicheŵa amagwa m'dzenje limeneli chifukwa ziyankhulo zawo zilibe timawu 'a' ndi 'the'. Ndipo mpatuliro woiŵalika, umene wophunzira wa mtundu woyamba amalakwitsa, si nkhani ya chiyankhulo choyankhulidwa n'komwe. Ndi mwambo wa osindikiza mabuku.

Sikuti aphunzitsi a kulemba a ku America sadziŵa zimenezi. Pamene City University of New York inatsegula zitseko kwa onse omaliza sekondale mu mzindawo mu 1970, oloŵa chaka choyamba anakwera kuchoka pa 20,000 kufika pafupifupi 35,000, ndipo Mina Shaughnessy wa ku City College anaŵerenga zimangirizo pafupifupi 4,000 za ophunzira atsopanowo. Buku lake la mu 1977, Errors and Expectations, linasonyeza kuti zolakwa zawo zinali ndi dongosolo, ndi kuti mphunzitsi wozindikira dongosololo angaphunzitse mwa kufotokoza lamulo. Mu 1974 bungwe la aphunzitsi a phunziroli, Conference on College Composition and Communication, linavomereza pa msonkhano wake ku Anaheim chigamulo chonena kuti ophunzira ali ndi ufulu wa kayankhulidwe ka kwawo. Anavomera 79, anakana 20. Chigamulocho chinatsimikizidwanso mu 2003. Komabe ndime ya Chingerezi chovomerezeka sinachoke pa masamba a malamulo. Chigamulo chinanena za ufulu, pamene masamba amanena za malikisi, ndipo wophunzira amadziŵa bwino chimene chili ndi mano.

Ife sitili m'gulu la amene akuti ndimeyi ingochotsedwa. Maxine Hairston mu 1981 anafunsa anthu a ntchito zapamwamba kunja kwa sukulu za zolakwa zimene zimawanyansa, ndipo anapeza kuti zowakwiyitsa koposa ndi zimene zimaulula kumene munthu anakulira, monga aneni a nthambi zosavomerezeka ndi kukana kaŵiri m'chiganizo chimodzi. Koleji imene ingabisire wophunzira zimenezi yamunyenga. Chimene tikutsutsa ndi kufuna chinthu popanda kunena amene adzachiphunzitsa.

Palinso chikhulupiriro chakuti zolakwa zikuchuluka chaka ndi chaka, ndipo ndicho chimalimbitsa ndimeyi. Ziŵerengero sizikugwirizana nacho. Robert Connors ndi Andrea Lunsford anaŵerenga zimangirizo 3,000 ndipo mu 1988 analengeza kuti anapeza zolakwa 2.26 pa mawu 100 alionse. Kafukufuku wa mu 1917 anapeza 2.11, wa mu 1930 anapeza 2.24, ndipo pamene Andrea Lunsford ndi Karen Lunsford anabwereza ntchitoyi mu 2008 anapeza 2.45. Connors ndi Lunsford anaonanso kuti aphunzitsi anachonga zolakwa zosakwana theka la zimene zinalipo. Joseph Williams mu 1981 anachita zoseketsa: analemba nkhani yonena za zolakwa m'magazini ya akatswiri a kulemba, nabisamo mwadala zolakwa pafupifupi 100, n'kudzaulula pamapeto. Mfundo yake inali yakuti woŵerenga amaona zolakwa pamene akuziyembekezera. Ngati ndi choncho, ndime ya Chingerezi chovomerezeka sigwa mofanana pa ophunzira onse. Imalemera pa amene dzina lake kapena chiganizo chake choyamba chachenjeza kale mphunzitsi kuti atsegule maso.

Nanga bwanji mphunzitsi saphunzitsa yekha chiyankhulocho m'kalasi? Yankho lili mu lipoti la Richard Braddock, Richard Lloyd-Jones ndi Lowell Schoer la mu 1963, limene linagamula kuti kuphunzitsa galamala payokha sikuthandiza kulemba, ndipo kungawononge chifukwa kumadya nthaŵi yolembera. Chigamulocho chinali chokhudza kuloŵeza magulu a mawu ndi kuphwanya ziganizo, makamaka pakati pa ana amene Chingerezi n'chawo. Pa iwo chinali ndi umboni. Koma chinafutukulidwa mpaka kukhala ngati lamulo la onse, kotero kuti ambiri ophunzitsa phunziroli, amene kaŵirikaŵiri amakhala ophunzira a digiri yachiŵiri kapena aphunzitsi aganyu, amayamba ntchito asanaphunzire kufotokoza kapangidwe ka Chingerezi kwa munthu wa chiyankhulo china. Paul Kei Matsuda mu 2006 ananena poyera kuti phunziroli linamangidwa pa chithunzi cha kalasi ya anthu a chiyankhulo chimodzi, ndi kuti njira yake yochitira ndi osiyana ndi chithunzicho yakhala kuwapatula ndi kuwatumiza kwina.

4. Chipinda chothandizira olemba

Kwinako ndi kuti? Mphunzitsi akaona chiganizo ngati (3) kaŵirikaŵiri amalemba m'mphepete mwa pepala kuti wophunzira apite ku chipinda chothandizira olemba. Kumeneko amakapeza mthandizi, nthaŵi zambiri wophunzira mnzake wa makalasi apamwamba amene anaphunzitsidwako ntchitoyi, ndipo amakhala naye theka la ola kapena ola lathunthu popanda kulipira. Palibe angakane kuti chimenechi n'chinthu chabwino. Munthu woŵerenga zolemba zako uli pomwepo, amene alibe mphamvu ya kukupatsa malikisi, ndi mphatso imene ambiri a ife sitinailandire. Koma ndime yofotokoza za chipindachi pa masamba a malamulo imakonda kutha ndi chenjezo lakuti athandizi sakonza zolakwa za m'pepala. Chenjezo limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo n'koyenera kuimva tisanaliweruze.

Mu 1984 Stephen North analemba nkhani m'magazini ya College English imene inasanduka ngati katekisimu wa zipindazi. Anali wokwiya ndi aphunzitsi anzake a Chingerezi amene ankaona chipindacho ngati galaja yokonzerako ziganizo zowonongeka, kumene amatumizako ophunzira amene atopa nawo. Iye anati ntchito ya chipindacho ndi kukuza munthu wolembayo, ndipo pepala limene wabwera nalo ndi poyambira chabe pa kukambirana. Mu 1991 Jeff Brooks anasandutsa ganizoli kukhala malangizo a machitidwe: mthandizi akhale pambali pa wophunzira, pepala likhale pafupi ndi mwini wake, cholembera chikhale m'dzanja la wophunzira, ndipo mthandizi azifunsa mafunso m'malo mopereka mayankho. Panakhazikikanso mwambo woyamba ndi zazikulu, monga mfundo ya chimangirizo ndi kasanjidwe ka ndime, n'kusiya za ziganizo kumapeto, ngati nthaŵi yatsala. Zifukwa zake zinali zitatu, ndipo zonse n'zoona: wophunzira wokonzeredwa pepala saphunzira kanthu, chipinda chodziŵika ndi kukonza mipatuliro sichilemekezedwa ndiponso sichipatsidwa ndalama, ndipo mthandizi wogwira cholembera angaimbidwe mlandu wolembera wophunzira.

Vuto lake n'lakuti njira ya mafunso imagwira ntchito pamene yankho lili kale mwa wofunsidwayo. Muuzeni wophunzira wa mtundu woyamba kuti aŵerenge chiganizo chake mokweza, n'kumufunsa ngati chikumveka bwino: khutu lake limuuza, ndipo kaŵirikaŵiri amakonza ali mkati moŵerenga. Mufunseni funso lomwelo mwini wa chiganizo (3). Ayankha kuti chikumveka bwino, pakuti chikanakhala chosamveka bwino kwa iye sakanachilemba. Mufunseni mwini wa (2), ndipo ayankha chimodzimodzi, ndipo iye akhala akunena zoona. Palibe funso lanzeru limene lingatulutse mwa munthu lamulo limene sanalimvepo, kapena kumuuza kuti mneni wakuti amayenda ndi mperekezi wakuti, pakuti zambiri za izi sizitsata nzeru. Ndi zizoloŵezi za chiyankhulo zimene munthu amauzidwa kapena amakumana nazo kambirimbiri. Makolo amati safunsa anadya phula. Pano wofunsa wafunsa, koma wabwezeredwa funso lake.

Zimenezi zinaonedwa msanga ndi anthu a m'zipinda zomwezo. Judith Powers wa ku University of Wyoming analemba mu 1993 kuti ophunzira a chiyankhulo chachiŵiri atachuluka m'chipinda chawo, athandizi anapeza kuti njira ya mafunso sikuyenda, ndipo anayenera kukhala odziŵitsa, ouza wophunzira zimene woŵerenga wa Chingerezi amayembekezera. Lisa Delpit mu 1988, polemba za ana akuda ndi osauka m'sukulu, ananena mfundo yofanana ndi yoŵaŵa koposa: kuti malamulo a anthu amphamvu ndi osavuta kuwaphunzira ngati wina wakuuza mosabisa, ndi kuti mphunzitsi wopeŵa kuwanena, poopa kuoneka wolamula, amathandiza ana amene anawamva kale kunyumba. North mwini wake mu 1994 anabwerera ku nkhani yake ija navomereza kuti chithunzi chimene anajambula chinali chokongola kuposa mmene zinthu zimakhalira. Lero zipinda zambiri zinasintha: zina zili ndi akatswiri a chiyankhulo chachiŵiri, ndipo mabuku ophunzitsira athandizi amavomereza kuti nthaŵi zina kuuza ndiko kuthandiza. Koma masamba a malamulo amakoperedwa chaka ndi chaka kuchokera kwa mphunzitsi wina kupita kwa wina, ndipo chenjezo lija limafika kwa wophunzira lisanasinthe. Wophunzira woŵerenga kuti kumeneko sakonza galamala, pamene galamala ndiyo yamutumiza, angathe kungokhala osapita.

Wina angatsutse kuti kukonza galamala sikuthandiza n'komwe. John Truscott ananenadi zimenezo mu 1996, ndipo Dana Ferris anamuyankha mu 1999. Mkanganowo unatenga zaka. Chimene chinatulukamo n'chothandiza pa nkhani yathu. John Bitchener, pogwira ntchito ndi ophunzira a Chingerezi ku Auckland, anasonyeza mu 2008 kuti kukonza kolunjika pa chinthu chimodzi kumapindula ndipo phindulo limakhalitsa. Chinthucho chinali kagwiritsidwe ka 'a' potchula chinthu koyamba ndi 'the' pochitchulanso. Ndiye kuti kuthira inki yofiira pa pepala lonse n'kosathandiza, koma kusankha lamulo limodzi, kulifotokoza ndi kulibwereza kumathandiza. Ntchito yotere imafuna munthu wodziŵa kapangidwe ka chiyankhulo ndiponso woonana ndi wophunzira yemweyo kangapo. Mphunzitsi wa kalasi amaonana naye kangapo koma sanaphunzitsidwe ntchitoyo; mthandizi wa m'chipinda, ngakhale ataidziŵa, mwina adzamuona kamodzi kokha.

5. Ndime ya kuba zolemba za ena

Wophunzira amene wabwezedwa pa zitseko ziŵiri amayang'ana chachitatu: mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mbale wake, kapena buku limene akuŵerenga. Apa ndi pamene ndime yachitatu imamudikirira. Ndime imeneyi ndiyo yaitali ndi yaukali koposa pa masamba onse, ndipo kaŵirikaŵiri imaletsanso thandizo lililonse limene mphunzitsi sanaloleze. Kugula chimangirizo kapena kupereka ntchito ya munthu wina ngati yako ndi chinyengo, ndipo sitikuchiikira kumbuyo. Koma ndimeyi imaika m'thumba limodzi chinyengo chotere ndi chinthu china chosiyana nacho.

Rebecca Moore Howard, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anafotokoza kalembedwe kamene tingakatche kusoka zigamba: wophunzira amatenga chiganizo cha m'buku, n'kuchotsamo mawu ena, n'kusintha ena ndi ofanana nawo, n'kuchilumikiza ndi china. Mu 1995 anatsutsa kuti kalembedwe kameneka kazilangidwa ngati kuba, pakuti kaŵirikaŵiri ndi njira imene munthu amaloŵera m'chiyankhulo cha phunziro limene sanalizoloŵere. Diane Pecorari mu 2003 anayerekeza zolemba za ophunzira 17 a madigiri apamwamba m'mayunivesite a ku Britain, onse a chiyankhulo chachiŵiri, ndi mabuku amene anagwiritsa ntchito, ndipo anapeza zigamba zambiri popanda chizindikiro cha kufuna kunyenga. Aliyense amene anaphunzirapo chiyankhulo china akudziŵa chifukwa chake. Lamulo lakuti 'nena m'mawu ako' limaganiza kuti uli ndi mawu ako a chinthucho, njira ziŵiri kapena zitatu zonenera ganizo limodzi. Amene ali ndi njira imodzi yokha, imene waiona m'buku, amadziŵa kuti akachoka pa iyo agwa m'chiganizo ngati (3) ndipo ndime yoyamba imulanga. Akakakamira pa iyo, ndime yachitatu imulanga. Bungwe la oyang'anira maphunziro a kulemba, Council of Writing Program Administrators, linalangiza mu 2003 kuti kuba mwadala kusiyanitsidwe ndi kulephera kugwiritsa ntchito mabuku moyenera. Masamba ena anamvera, ambiri akadali ndi thumba limodzi lija.

Makina awonjezera moto. Kuchokera pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, masamba ambiri anawonjezera ndime yoletsa kapena yochepetsa kugwiritsa ntchito makina olemba, ndipo makoleji ena anayamba kudalira mapulogalamu ozindikira zolembedwa ndi makina. Mu 2023 Weixin Liang ndi anzake a ku Stanford anayesa mapulogalamu 7 otere pa zimangirizo 91 zolembedwa ndi anthu pa mayeso a TOEFL. Mapulogalamuwo ananamizira zimangirizo zoposa 60 pa 100 zilizonse kuti n'za makina, pamene zimangirizo za ana a sukulu a ku America anazizindikira bwino pafupifupi zonse. Chifukwa chake n'cha chiyankhulo: mapulogalamuwo amakayikira zolemba zimene mawu ake ndi osavuta kulosera, ndipo wolemba m'chiyankhulo chachiŵiri, posamala kuti asalakwe, amasankha mawu odziŵika ndi ziganizo zoongoka. Kusamala kumene ndime yoyamba imafuna ndiko kumene kumamupalamulitsa. Kampani ya OpenAI inachotsa pulogalamu yake yozindikirira mu Julayi 2023 chifukwa cha kusalondola, ndipo Vanderbilt University inazimitsa ya Turnitin mwezi wotsatira.

6. Ndime imene ili ndi mano, ndi funso la kwathu

Pa masamba omwewo pali ndime imodzi ya thandizo imene imagwira ntchito mosiyana, ndiyo ya ophunzira amene ali ndi ulumali. Imanena ofesi, imanena chimene wophunzira achite, ndipo mphunzitsi akalandira kalata ya ofesiyo sangakane kupereka nthaŵi yowonjezera kapena zolemba za zilembo zazikulu. Mphamvu yake ikuchokera ku malamulo a dziko: gawo 504 la Rehabilitation Act ya mu 1973 ndi Americans with Disabilities Act ya mu 1990. Chiyankhulo si ulumali ndipo sitikufuna kuti chiyesedwe ulumali. Tikungosonyeza kuti pamene lamulo latchula mwini ntchito, thandizo limafika. Mlandu wa Lau v. Nichols wa mu 1974 unakakamiza sukulu za boma kuchitapo kanthu pa ana osadziŵa Chingerezi, koma unali wa ana a sukulu a ku San Francisco, ndipo ku koleji nkhani ya chiyankhulo inatsala m'manja mwa kukoma mtima kwa mphunzitsi.

Njira imene yayandikira kupereka mwini ku ntchitoyi ndi imene Peter Adams ndi anzake anayambitsa ku Community College of Baltimore County mu 2007. M'malo moika ophunzira ofooka m'kalasi yapadera yosaŵerengeredwa pa digiri, amawaloŵetsa m'phunziro lenileni pamodzi ndi ena, kenaka kagulu kawo kakang'ono kamakumananso ndi mphunzitsi yemweyo kwa maola owonjezera. Wofuna Chingerezi chovomerezeka ndi wochiphunzitsa amakhala munthu mmodzi, ndipo sangathe kuloza chitseko china. Chotsala n'chakuti munthuyo aphunzitsidwe za chiyankhulo, ndipo pamenepo njirayi payokha silonjeza kanthu.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa mayunivesite a kuno nawo ali ndi phunziro la luso la chiyankhulo m'chaka choyamba, ndipo masamba a ku America ndi osavuta kuwapeza pa intaneti ndi kuwakopera. Wowakopera adziŵe kuti anasokedwera kalasi imene ambiri ali ndi khutu la Chingerezi. M'kalasi ya ku Zomba kapena ku Mzuzu pafupifupi onse ndi a mtundu wachitatu uja, ngakhale anakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a MSCE, kotero chenjezo lakuti athandizi sakhudza galamala lingatseke chitseko kwa kalasi yonse. Ndiponso pali funso limene masamba a ku America salifunsa, chifukwa amaganiza kuti mthandizi ali ndi chiyankhulo chimodzi: kodi thandizo liperekedwe m'chiyankhulo chanji? Mthandizi wa kuno amagaŵana ndi wophunzira Chicheŵa, Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo chimenecho ndi chida. Taonani:

(4) Ndagula buku. Bukulo n'lodula.

Kusiyana kwa 'buku' ndi 'bukulo' ndiko kusiyana kwa 'a book' ndi 'the book' kumene Bitchener anayesa ku Auckland, ndipo wophunzira akukudziŵa kale m'chiyankhulo chake. Kufananaku kuli ndi malire ake. Sikufotokoza chifukwa chake Chingerezi chimati 'the sun' pamene ife timangoti 'dzuŵa', ndipo sikuchiza chiganizo (3) pakokha. Koma malirewo ndiwo ayenera kulembedwa, chimodzimodzi ndi kusokoneza 'he' ndi 'she' kochokera ku mloŵam'malo wathu 'iye', amene sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Galamala ya m'sukulu inatipatsa kale maina monga mneni, mperekezi ndi mlumikizi. Timawu 'a' ndi 'the' tilibe dzina lokhazikika m'Chicheŵa, ndipo mthandizi wofuna kutifotokoza kwa wophunzira wa chaka choyamba ayamba wasoŵa chotitchulira.